Nambala ya Evelesi

Takondwa mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano iwe utapita kukatsanzika kwa azakhali ako. Ndakhala pakhonde pamene pakufika kadzuwa, chifukwa m'nyumbamu mwazizira monga umadziwira kwathu kuno Juni akafika. Mawa ukwera minibasi ya ku Lilongwe kukayamba ntchito yopanga masamba a pa intaneti, ntchito imene iwe waiphunzira zaka zinayi pamene ine ndinangoilawa. Sindingakuphunzitse luso, wandiposa kalekale. Koma unandiuza kuti kuntchito kwakoko mukapanga tsamba la zipatala, mmene muzidzalembedwa mayina a odwala ndi matenda awo, ndipo chiyambire tsiku limenelo mtima wanga sunakhazikike. Pali nkhani imene sindinakuuze yonse. Inachitika uli chaka choyamba ku koleji, ndipo utabwera patchuthi ndinangoti tsamba la kusukulu kwathu linavutako pang'ono. Silinavute pang'ono ayi. Uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe.

Ukukumbukira chimene ndinalipangira tsambalo. Atsikana ambiri pasukulu yogonera imene ndimaphunzitsa amachokera kutali, ku Lobi, ku Kaphuka ndi midzi ya kuseri kwa mapiri. Malipoti a mayeso tinkapatsira anawo, ndipo amene anali ndi malikisi ochepa ankasochera panjira. Nditabwera ku maphunziro a aphunzitsi a makompyuta, ahedi anandifunsa ngati ndingapange njira yoti kholo liziona lipoti pafoni. Ndinavomera ndisanaganize. Podziwa mmene netiweki imavutira kumidzi, ndinasankha kupanga tsamba limodzi lokha. Foni imalikoka kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo munthu akadina batani sipabwera tsamba lina, koma lomwelo limachotsa zimene likuonetsa n'kuikapo zina. Linali ndi magawo atatu: polowera, zolengeza za sukulu, ndi lipoti la mwana. Linkathamanga bwino, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Cholakwa changa choyamba anandionetsa ndi bambo Zakeyu, mlimi wa kachewere wa ku Kaphuka amene mwana wake anali mu Fomu 2. Anabwera panjinga Loweruka lina m'mawa, mathalauza atawapisa m'masokosi, n'kundipeza ndikuchapa. Anatulutsa foni m'kapepala ka pulasitiki.

"Madamu, chinthu chanuchi chikundithamangitsa," anatero. "Kwathu netiweki timaipeza pachulu. Ndakwera, ndalowa, ndaona lipoti. Ndati ndibwerere ndione tsiku lotsegulira sukulu, chandiponya kunja. Ndiyambenso kulemba mawu achinsinsi aja. Katatu konse."

Ndinawaonetsa kabatani kobwerera kamene ndinaika pamwamba pa tsambalo. Anakayang'ana, kenako analoza pansi pa foni yawo.

"Ine batani lobwerera ndimadziwa limodzi, ili apali. Limagwira pa zonse za m'fonimu. Chanuchi chokha ndiye chilikane?"

Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti sadziwa kugwiritsa ntchito foni. Koma anali kunena zoona. Foni imakumbukira ulendo wa munthu potsata ma adiresi amene wadutsamo. Magawo anga atatu onse anali ndi adiresi imodzi, ndiye kwa foniyo bambo Zakeyu anali asanasunthe, ndipo kubwerera kunali kutuluka basi. Sabata imeneyo m'pamene ndinaphunzira za rauta, kachigawo kaja ka pulogalamu kamene kamawerenga adiresi n'kusankha gawo loti lioneke, komanso kamasintha adiresi munthu akasintha gawo. Ndinapatsa gawo lililonse adiresi yakeyake. Ndikudziwa kuti kwa iwe izi n'zophunzira mwezi woyamba. Chimene ndikufuna utenge n'chakuti munthu wodandaula uja anapalasa njinga mtunda wonsewo, ndipo ine ndinayamba ndi kufuna kumutsutsa. Munthu akadzakuuza kuti chinthu chako chikumuthamangitsa, Takondwa, tenga foni yake m'manja mwako, uchite zimene iye wachita, ndipo pakamwa potseka.

Cholakwa chachiwiri chinandipeza pamaso pa anthu. Komiti ya makolo inakumana m'holo, ndipo ahedi anati ndionetse tsambalo pakhoma. Zonse zinayenda bwino mpaka wapampando wa komiti, mayi wina wachikulire wovala duku lachikasu, anati, "Titumizireni linki ya zolengezazo pafoni panga, tione ngati ingatseguke." Ndinatumiza. Anadina, ndipo panabwera tsamba loyera lokhala ndi mawu awiri a Chingerezi onena kuti chinthucho sichikupezeka. Anayesa wina, chimodzimodzi. Ine poyesa kunyumba ndinkalowera poyambira nthawi zonse, n'kumadina mabatani, ndiye rauta inkakhala itadzuka kale m'foni. Koma amene wadina linki ya gawo lam'kati amafika kaye ku seva, kompyuta ija imene imasunga tsambalo. Seva inkafunafuna tsamba lotchedwa zolengeza, osalipeza, chifukwa tsamba linalipo limodzi lokha. Ndinkayenera kuiuza kuti adiresi iliyonse ikabwera izipereka tsamba lomwelo, kusankha gawo isiyire rauta. Ndinadzakonza, n'kuonjezeranso gawo la munthu wosochera, lolembedwa m'Chichewa, lomuuza kuti adiresi imeneyo kulibe ndi kumuonetsa pobwerera. Koma m'holomo sindinanene kuti ndalakwitsa. Ndinati, "Ndi netiweki." Anthu anagwedeza mitu, chifukwa kuno netiweki imasenza milandu yonse. Ndinatuluka wopanda manyazi, ndipo ndinaphunzira chinthu choipa tsiku limenelo, chakuti pa nkhani za makompyuta anthu akhulupirira chilichonse chimene ndinganene. Iwenso adzakukhulupirira choncho. Usadzazolowere.

Tsopano ndikuuze za Evelesi. Anabwera kudzayamba Fomu 3 kuchokera kusukulu ina. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo masamu ankawagwira kuposa aliyense m'kalasi mwanga. Tsiku loyamba anabwera ndi mayi ake, a Nachisale a ku Lobi, amene anapempha kulankhula ndi ahedi pamodzi ndi ine monga mphunzitsi woyang'anira kalasilo. Titatseka chitseko anatiuza kuti Evelesi anasiya sukulu chaka chimodzi chifukwa anabereka. Mwanayo, wamkazi, anatsala kumudzi m'manja mwawo. Anamusinthira sukulu dala kuti akayambirenso kumene samudziwa.

"Tikupempha kuti zithere m'chipinda muno," anatero a Nachisale. "Kumene anali kuja anzake anamudya ndi pakamwa."

Tinalonjeza. Koma madzulo ake, ndikulowetsa dzina lake m'kompyuta, ndinaona kabokosi ka ndemanga kamene ndinaika pansi pa lipoti la mwana aliyense. Ndinalembamo kuti ali ndi mwana wamng'ono kumudzi, ndipo akapempha kupita kwawo aziloledwa. Ndinkaganiza kuti ndikumuthandiza. Ndinati amene aziona ndemangayo ndi ahedi, ine, ndi mayi ake amene akudziwa kale.

Adiresi ya lipoti inkathera ndi nambala ya mwana. Ya Evelesi inali 214. Kholo likalowa ndi mawu achinsinsi, tsamba linkalitengera ku nambala ya mwana wake, ndipo panalibe batani lililonse lopita kwa mwana wina. Rauta ndinaiuza kuti munthu amene sanalowe isamuonetse lipoti, izimubweza polowera. Ndinayesa, zinagwira, ndinakhutira. Funso limene sindinafunse linali lakuti, munthu amene walowayu, nambala imene akupemphayi ndi ya mwana wake kodi? Rauta sinkafunsa, ndipo seva inkapereka lipoti kwa aliyense wotchula nambala.

M'kalasimo munali Agnesi, mtsikana wochangamuka amene ankatsogola pa masamu Evelesi asanabwere. Patchuthi cha teremu yoyamba anatenga foni ya bambo ake kuti aone lipoti lake. Anaona nambala yake kumapeto kwa adiresi, ndipo pofuna kudziwa kuti Evelesi wapeza malikisi angati, anayamba kusintha nambalayo. Anadutsa malipoti a anzake anayi, wachisanu anali Evelesi. Anajambula zimene anaonazo n'kutumizira mnzake mmodzi. Pofika tsiku lotsegulira, kalasi lonse linali litaona.

Ine sindinadziwe msanga. Ndinkangoona kuti Evelesi wasamukira kumpando wakumbuyo, ndipo akakweza dzanja ena ankatsokomola. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ku hositelo ankamuitana kuti amake mwana, ndipo tsiku lina anapeza pabedi pake chidole cha nsanza atachifunditsa bulangete. Sabata yachitatu, Lamlungu Misa itatha, ananyamula chikwama chake n'kutuluka pageti dzuwa likuswa mtengo. Mlonda anaganiza kuti ali ndi chilolezo.

Lolemba lake chithunzi chija chinafika patebulo la ahedi. Nditachiona ndinazindikira mawu anga. Ndinapita m'kalasi mopanda anthu, ndinalowa m'tsambalo ngati kholo, ndinasintha nambala, ndipo lipoti la mwana wa eni linatseguka pamaso panga. Ndinakhala pa desiki.

Apa ndiye pali cholakwa chachikulu, mwana wanga, ndipo si cha kompyuta. Pamsonkhano wa aphunzitsi ahedi ananena kuti Agnesi wathyola kompyuta ya sukulu n'kuba zinsinsi, ndipo ayenera kuchotsedwa. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa, "Madamu, si choncho?" Ine ndinati, "Analowa pamene sankayenera kulowa." Mawuwo sanali bodza, koma ndinawasankha kuti amveke ngati ndavomereza. Agnesi anatumizidwa kwawo. Ine ndinakonza tsambalo mwakachetechete m'masiku awiri, n'kufufuta ndemanga ija, ndipo sindinauze aliyense kupatula bambo ako. Iwo sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Nanga mwana wachotsedwayo?" M'nyumba muno tinakhala masabata awiri tikulankhulana zochepa.

Kumapeto kwa masabata awiriwo bambo ake a Agnesi anandidikira panja pa kalasi, chipewa chili m'manja.

"Madamu, ine za makompyuta sindizidziwa," anatero. "Mwana wanga ndamukalipira chifukwa chofalitsa za mnzake, pamenepo walakwa ndithu. Koma akulumbira kuti sanathyole kanthu, akuti anangosintha nambala. Inu ndinu amene munapanga chinthucho. Akunama?"

Ndinati, "Nkhaniyi ili m'manja mwa ahedi."

Anandiyang'ana kanthawi, anavala chipewa chawo, n'kunena kuti, "Zikomo, Madamu." Ananyamuka osatembenuka. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa chipongwe. M'mawa mwake ndinagogoda kwa ahedi n'kuwafotokozera mmene zinalili ndisanakonze. Ndinawauza kuti panalibe chothyola, chifukwa ine sindinatseke. Anavula magalasi. Kenako anati, "Mukananena tsiku lomwe lija, bwenzi titataya mwana mmodzi, osati awiri." Agnesi anamuitananso, anapatsidwa chilango cha kufalitsa nkhani, chimene chinali mlandu wake weniweni, koma anali ataphonya masabata atatu, ndipo mpaka anamaliza Fomu 4 sanakwezenso dzanja m'kalasi mwanga.

Loweruka lotsatira ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Lobi, kwawo kwa Evelesi. Ndinawapeza akupuntha nyemba pabwalo. Evelesi anali ndi mwana kumbuyo. A Nachisale anandiyalira mphasa, tinalonjerana, ndipo ndinafotokoza zonse, kuyambira pa kabokosi ka ndemanga mpaka pa nambala. Ndinayesetsa kusabisala kumbuyo kwa mawu ovuta. Nditamaliza a Nachisale anati, "Ife tinakuuzani pakamwa, chitseko chili chotseka. Za foni sitinapemphe." Evelesi anapitiriza kutola nyemba zimene zinagwera kunja kwa mphasa, kenako anafunsa osandiyang'ana:

"Madamu, munalemberanji?"

Ndinati ndinkafuna kuti aziloledwa kupita kwawo mwana akadwala.

"Ndikanadzapempha kwa inu nomwe. Munali mukudziwa kale."

Ndinamupempha kuti abwerere, ndinati ahedi alankhula ndi kalasi lonse. Anapukusa mutu. Anati wathawa kamodzi, wathawanso kachiwiri, kachitatu alibe kothawira, bola akhale pamene onse akumudziwa kale. Pochoka a Nachisale anandipatsa nyemba m'kathumba. Ndinafuna kukana, koma kukana kukanakhala kuonjezera chipongwe. Ndinazifungatira njira yonse, ndipo sindinathe kuziphika. Ndinapatsa azakhali ako osawauza kumene zachokera.

Ndiye tamvera, Takondwa. Rauta imakhala m'foni ya munthu, ndipo chilichonse chili m'foni ya munthu iye akhoza kuchisintha. Ntchito yake ndi kusankha choonetsa, si mlonda. Kubisa batani si kutseka. Mlonda akhale ku seva, ndipo nthawi iliyonse imene foni yapempha kanthu azifunsa mafunso awiri: wapemphayu ndani, ndipo chimene wapemphachi n'chake kodi? Osati polowa pokha, nthawi iliyonse. Ukamaliza gawo lililonse, usaliyese ngati munthu womvera amene amangodina mabatani ako. Lowa ngati wodwala mmodzi, upite pa adiresi, usinthe nambala ndi dzanja lako. Tumiza linkiyo kufoni ina. Dina batani lobwerera utatuluka kale, uone ngati dzina la munthu silikuonekabe. Ukadzauzidwa kuti nthawi yatha, zimenezo mudzaziona pambuyo, ukumbukire kuti Agnesi anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, sanaphunzirepo zopanga masamba, ndipo zinamutengera mphindi zochepa.

Ndipo usanaike kabokosi kalikonse kolembamo, dzifunse ngati chinthucho chikufunikadi kulembedwa. Funso la Evelesi lija silinali la rauta kapena seva. Pali zinthu zimene munthu amakuuza iwe, osati kompyuta yako. Kuchipatala zoterozo zidzakhala zambiri kuposa kusukulu, ndipo eni ake sadzakuona nkhope kuti akufunse. Udzifunse wekha m'malo mwawo.

Udzalakwitsa, mwana wanga, ngakhale uchenjere bwanji. Tsiku limenelo padzakhala wina woti asenze mlandu, kaya ndi netiweki, kaya ndi nesi amene anadina molakwika, kaya mnzako watsopano pantchito. Anthu adzatembenukira kwa iwe chifukwa ndiwe wodziwa, ndipo chimene udzanene adzachikhulupirira. Unene tsiku lomwelo. Ine ndinadikira masabata awiri, ndipo sindinapindule kanthu, manyazi ndinawapezabe, atangokula. Ndikubwerezanso, unene tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe.

Za ku Lilongwe zina ukuzidziwa. Kumeneko kumatentha, koma juzi usasiye, m'maofesi amaziziritsa mpweya ngati kuno. Lamlungu uzipita kutchalitchi ngakhale utatopa. Bambo ako sakuuza, koma amadikira foni yako, uziwaimbira iwo mwachindunji osati kudzera mwa ine.

Mwezi wathawu, ndikulemba mayina a ofuna kuphunzira sukulu ya masana, ija timaphunzitsa akuluakulu ana ogonera akaweruka, pamzere panali Evelesi. Tsopano akukhala pa Boma kwa achemwali a mayi ake, ndipo m'mawa amagulitsa kabichi kumsika. Anabwera ndi mwana wake uja, wafika pausinkhu woyamba sukulu ya mkaka, atagwira nsonga ya chitenje cha mayi ake. Atafika patebulo anandipatsa moni mwaulemu, koma sanakhale pansi.

"Mayinawa alowanso m'foni, Madamu?"

Ndinati alowa, dzina ndi malikisi basi, kabokosi ka ndemanga ndinakachotsa.

"Ndionetseni."

Ndinalowa m'tsambalo ngati kholo la mwana wina n'kumupatsa foni. Anthu pamzere anayamba kung'ung'udza, koma sindinamufulumize. Anakhudza pa adiresi, anafufuta nambala, analemba ina. Tsamba linamuuza kuti alibe chilolezo choona lipoti limenelo. Anayesa nambala ina, linakananso. Kachitatu ndinaona zala zake zikulemba 214. Linakana.

Anandibwezera foni, anakoka mpando, anakhazika mwanayo pamiyendo, n'kunena kuti, "Lembani. Evelesi Phiri, Fomu 3."

Amakhala kutsogolo, pafupi ndi zenera. Sitinakambiranenso za kale, ndipo sindikudziwa ngati anandikhululukira. Sindinamufunse, chifukwa si ine woyenera kufunsa. Dzulo anandionetsa kuti ndalakwitsa chizindikiro pa samu ina pabolodi, ndipo ndinafufuta pamaso pa onse n'kumuthokoza.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge, iwe pamodzi ndi anthu amene mayina awo adzadutsa m'manja mwako.

Ndine,
Mayi ako